Funsani Malume: Bambo anga anatchona, nanga ine ubambo ndikauonera kwa ndani?

Mwezi uno makalata ambiri abwera a nkhani ya abambo, kaya ndi Father's Day ya mu June ija yakutokosani kaya munachita kupangana. Ndasankhapo anayi, mayina tabisa ngati kale.

FUNSO: Zikomo Malume. Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakhala ku Chilobwe ndipo ndimagwira ntchito yowotcherera zitsulo pa shopu ina. Mkazi wanga ndi woyembekezera, miyezi 7, mwana wathu woyamba. Vuto langa ndi loti ine bambo anga sindiwadziwa bwinobwino, anapita ku Joni ndili Sitandade 1 akuti kukasaka ndalama za malata, chaka choyamba ankatumiza kenako zii mpaka lero, timangomva kuti ali ndi banja lina ku Durban. Ndinaleredwa ndi amayi ndi agogo aakazi kwathu ku Mulanje. Pano tulo sindikugona, ndikuopa kuti magazi ndi omwewo nanenso ndidzathawa zikadzavuta. Ndimaonera ma vidiyo pa YouTube ndi TikTok a azibambo akunja ophunzitsa kukhala mwamuna weniweni, amati mwamuna asamaonetse kufooka, mkazi osamuzoloweza, koma ndikayesa kunyumba timangokangana. Munthu ngati ine role model ndingamupeze kuti? Wosowa tulo, Chilobwe.

YANKHO: Mphwanga, za magazizo tiyambe tazichotsa kaye. Kuthawa ana sikuyenda m'magazi, ndi chinthu chomwe munthu amachita yekha ndipo nthawi zambiri chimayamba pang'onopang'ono, mwezi uno sanatumize chifukwa ntchito yatha, mwezi wamawa akuchita manyazi kuimba foni chimanjamanja, chaka chikamatha manyazi aja akula kuposa chikondi nde basi watchona. Sindikuwaikira kumbuyo bambo akowo ayi, analakwa ndithu. Ndikungofuna uone pomwe zimayambira, mwamuna yemwe anamuuza kuti iye ndi ndalama basi, ndalama zikatha amaona ngati nayenso watha ndipo nkhope yake sikufunikanso pakhomo.

Usadzionenso ngati ndiwe woyamba. Dziko lino lakhala likulera ana abambo awo ali kunja kwa zaka zoposa 100. Agogo athu ankapita ku Halale, ku Bulawayo, ku migodi ya malasha ku Wankie, ku Copperbelt, ena ku Joni pa Wenela. Mu April 1974 ndege ya Wenela yomwe inkabweza anthu kumudzi inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu anakwiya n'kuletsa kulemba anthu, koma mu 1977 zinayambiranso pa dzina la Theba mpaka 1988 pomwe zinathera pa mkangano woyeza anthu HIV. Ena ankabwera ndi njinga, wayilesi, jekete ndi bulangeti mudzi onse n'kusonkhana kudzaona, ena sanabwerenso, mpaka lero m'makomboni a ku Harare ndi m'mafamu a ku Zimbabwe muli zidzukulu zawo zikuvina gule koma kuno sizinapondeko.

Nanga ana otsala aja ankaleredwa ndi ndani? Apa ndi pomwe ma vidiyo akowo sangakuthandize chifukwa eni akewo mudzi wathu saudziwa. Kwanu ku Mulanje kwa Alomwe ndi Amang'anja, chimodzimodzi kwa Achewa ndi Ayao, ukwati wambiri unali wa chikamwini, bambo ndi mlendo pamudzi pa mkazi wake, ana ndi a mbumba ya amayi ndipo mwinimbumba ndi malume. Mwana akadwala, akapalamula, akafuna kukwatira, nkhani inkathera kwa malume. Olo Kamuzu ankadziwa kulemera kwa udindo umenewu, nchifukwa chake ankadzitcha Nkhoswe Number One ya amayi onse. Kuonjezera apo panali agogo aamuna, phungu wa kuchinamwali, akuluakulu osoka mphasa pabwalo, onsewo mnyamata ankawaona tsiku ndi tsiku. Sindikunena kuti zonse zinali bwino, chikamwini chomwecho chinachititsa abambo ena ulesi, ankati ndivutikirenji ana a eni. Koma zoti mnyamata aziona umuna kwa amuna angapo osati kwa mmodzi yekha zinali zanzeru. Izi zoti bambo mmodzi akhale chilichonse, wosaka ndalama yemweyo, mlangizi yemweyo, ngwazi yemweyo, zabwera ndi moyo wa m'tauni wa nyumba za lendi momwe aliyense watseka chitseko chake.

Ngwazi tili nazo inde. John Chilembwe ali pa K500 ndi pa K2000, pa 15 January timapuma pomukumbukira, anatsegula mishoni ya PIM ku Mbombwe ku Chiradzulu mu 1900 n'kudzaukira thangata mu 1915. Umunyadire ndithu. Koma Chilembwe sangakuonetse chochita 2 koloko usiku mwana akulira thupi latentha, mkazi wako watopa mpaka akulira naye limodzi, m'thumba muli K3,000 yokha. Zimenezo umaonera kwa munthu yemwe ungathe kulowa m'nyumba mwake.

Iwe wowotcherera tandiuza, ntchito yakoyo unaiphunzira bwanji? Unaima pambali pa munthu ukumugwirira chitsulo, usiku maso akuwawa misozi ili chuchuchu, ukuona mmene akugwirira rodi, akalakwitsa ukuona mmene akugirayindira n'kuyambiranso. Ubambo umaphunziridwa chonchonso, ndipo mbali yofunika kwambiri ndi yomalizayo, kuona munthu atalakwitsa akukonza. Anyamata a pa TikTok aja sadzakuonetsa tsiku lomwe anapepesa mkazi, amakuonetsa galimoto, mawotchi ndi minofu chifukwa pali chomwe akugulitsa, iwe bando ikamatha iwo akulowetsa. Ndikukayika ngati ambiri mwa iwo anagwirapo thewera. Zoti mkazi osamuzoloweza wayesa kale ndipo zotsatira zake waziona wekha.

Nde usasake munthu wangwiro, kulibe. Abwana ako mwina ndi aukali koma fizi ya ana awo saphonya, tengapo chimenecho. Bambo wa kwaya kutchalitchi uja ndalama alibe koma ana ake amamuthamangira akangotulukira pakona, kamufunse kuti amatani. Malume ako enieni ngati ali moyo kwera minibasi pa Limbe ukawaone, utenge shuga ndi sopo, ukawauze kuti mbumba ikukula. Madala ambiri amafuna atafunsidwa kungoti palibe amawafunsa. Amayi ako ndi agogo akowo usawasiyenso kunja, kaya ankatani kuti iwe udye n'kupita kusukulu, koma kusathawa unakuona ndi maso ako kwa iwowo zaka zonsezi.

Panopa ntchito yayamba kale. Tsiku la sikelo pita naye, m'zipatala zambiri mayi wobwera ndi mwamuna wake amathandizidwa msanga, ukayezetse naye magazi, ukamve wekha tsiku lomwe akuyembekezeka kuchira. Kagule beseni, zitenje, lezala latsopano, ulusi, chipepala chapulasitiki chakuda chija ndi tochi, uziike m'chikwama chimodzi pafupi ndi chitseko, nambala ya wa taxi kapena neba wagalimoto ikhale m'foni chifukwa kabaza si wonyamulira mayi matenda atayamba usiku m'misewu ya ku Chilobwe ija. Lamulo la ntchito lomwe linakonzedwa mu 2021 limapatsa bambo tchuthi cha masabata awiri mkazi akachira, kamodzi pa zaka zitatu, malipiro osadula. M'mashopu ang'onoang'ono ambiri salidziwa n'komwe nde kambirana ndi abwana ako panopa osati tsiku lomwelo.

Za bambo ako a ku Durban, ukafuna kuwasaka asake, ukapanda kufuna palibe mlandu. Bola usadikire kuti abwere adzapepese kaye ndiye iwe uyambe zako.

FUNSO: Malume, ine ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa kaunjika mu Lilongwe, ndimakhala ku Area 36. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 14, Fomu 1. Bambo ake tinasiyana iye ali ndi zaka 5, ali m'tauni momwe muno ndi mkazi wina koma olo kope sagula. Mwanayu wasintha, ndikamulangiza amati inu ndinu mzimayi simungandiuze za chimuna, tsiku lonse ali kwa mkulu wina wa m'dera lathu yemwe ali ndi magalimoto koma ntchito yake palibe akuidziwa, amawagulira anyamata chipisi ndi mayunitsi. Achimwene anga akuti timutumize kumudzi ku Dedza akalowe gule abwereko ali munthu. Nditani? Mayi wothedwa nzeru, Area 36.

YANKHO: Chemwali, za mkulu wamagalimotoyo musazengereze. Munthu wamkulu wosonkhanitsa ana a eni n'kumawagulira zinthu makolo osadziwa pali chomwe akufunapo, mwina akuwatuma katundu woletsedwa, mwina zoipa kuposa pamenepo, anyamata nawonso amagwiriridwa kungoti amabisa kwambiri chifukwa cha manyazi. Musakalimbane naye nokha. Lankhulani ndi makolo a ana enawo, mudziwitse a block leader kapena a Victim Support Unit kupolisi, palinso nambala yaulere ya 116 ya nkhani za ana. Mwanayo musamukalipire ngati wapalamula, mufunseni modekha kuti kumeneko amakachitako chani ndipo mumulole amalize kulankhula.

Koma mumvetsenso chomwe chikumukokera kumeneko, si chipisi ayi. Pa zaka 14 mnyamata amafuna mwamuna wamkulu amuone, amutchule dzina, amutume kanthu, amuuze kuti wakula. Akasowa wabwino amatenga yemwe alipo. Kungomuletsa osamupatsa kwina kopita sizigwira.

Za gulezo, ine mwambo sindinyoza, Gule Wamkulu mpaka a UNESCO anamuzindikira mu 2005 ndipo kudambwe kumaphunzitsidwa ulemu weniweni kwa makolo ndi akuluakulu. Koma mphamvu yake inali yoti mnyamata akatuluka ankabwerera m'mudzi momwe phungu wake, amalume ake ndi akuluakulu onse omulanga aja akumuonabe m'mawa ndi madzulo. Wanuyu akatuluka abwerera ku Area 36 komwe kuli mkulu wamagalimoto yemwe uja, mwinanso ataonjezera matama oti pano ndi wometa mzimayi sangamuuze kanthu. Kulowa kapena kusalowa ndi nkhani ya banja lanu ndi chipembedzo chanu, mwanayo afunsidwenso, ndipo zisagwere nthawi ya sukulu. Chomwe ndingawauze achimwene anuwo ndi choti umalume si ntchito ya masabata awiri. Azimuimbira foni, holide azimutenga akagwire naye ntchito kudimba la kachewere n'kumugawirako kangachepe akagulitsa, akabwera m'tauni aziyenda naye awiriwiri kokagula katundu, nkhani za chimuna akuzifunazo zimatuluka panjira pomwepo.

Ngati amakonda mpira mupezereni timu ya ana ya m'dera yomwe kochi wake mwamufufuza bwinobwino. Anyamata onse amafuna kukhala Gabadinho Mhango chifukwa cha chigoli chija anachinya Morocco ali kutalitali mu January 2022 ku Cameroon, palibe vuto asiyeni alote, koma yemwe angamusinthe khalidwe ndi kochi wa pa galaundi yafumbi yemwe angamukhazike pa benchi chifukwa wajomba kusukulu.

Bambo akewo musawasiye choncho. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati kholo lililonse lili ndi udindo wosamalira mwana wake, kaya ukwati unatha kaya sunakhalepo n'komwe, ndipo mutha kukadandaula kukhoti kuti alamulidwe kupereka chithandizo mwezi ndi mwezi, sizilira loya. A Social Welfare ku ofesi ya boma angakuuzeni poyambira. Amayi ambiri amati ndisiyeni ndilere ndekha Mulungu adzaweruza, ndimawamvetsa, koma ndalamayo si yanu ndi ya mwana. Chimodzi chokha ndikupempheni, musamanyoze bambo ake iye akumva, mawu oti "ndiwe chimodzimodzi abambo ako" amalowa n'kukhazikika.

FUNSO: Malume, ntchito inanditha chaka chatha, ndinali dalaivala pa kampani ina. Pano pakhomo akudyetsa ndi akazi anga, ali ndi saluni. Ine ndimatsala ndi ana, kuphika, kuperekeza kusukulu. Tsiku lina mwana wanga wa zaka 9 anandipeza ndikulira kuseri kwa nyumba. Anzanga ku bawo amandinena kuti ndinadyetsedwa khuzumule. Kodi mwanayu adzandilemekeza? Nthawi zina ndimaganiza kuti bola kungochoka padziko. Bambo wa ana atatu, Kawale.

YANKHO: Achimwene, ndiyambe ndi mawu omalizawo chifukwa sindikuwatenga ngati nthabwala. Lero lomwe uzani munthu, akazi anu, abusa, shehe, mnzanu weniweni, ndipo pitani kuchipatala cha boma chomwe muli nacho pafupi mukanene momwe mwandiuziramu, amadziwa kokutumizani kwa odziwa za maganizo. Apolisi akamalengeza chiwerengero cha anthu odzipha m'dziko muno ambiri mwa iwo amakhala amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Mawu aja oti mwamuna salira atiikitsa maliro okwana.

Ntchito sizinathere inu nokha. Kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, zinthu kukwera, mafuta kusowa, makampani kuchepetsa anthu, inu munalakwa chani pamenepo?

Mukumudziwa William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, uja anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ali mnyamata. Dziko lonse limatama iyeyo koma ine ndimaganiza za bambo ake, mlimi yemwe njala ya 2001 ndi 2002 inamusiya manja lende mpaka kulephera fizi ya mwana ku sekondale. Anzanu a pa bawo akanamutcha wolephera. Koma pakhomo sanachoke, ndipo njinga yomwe inaphwasulidwa kupangira makina aja inali yake.

Mwana wanuyo anaona bambo ake akulira, m'mawa mwake anaonanso bambo omwewo akumuphikira phala n'kumuperekeza kusukulu. Muuzeni mwachidule kuti ndinakhumudwa chifukwa ntchito ikusowa, si chifukwa cha iwe, ndipo ine ndi amayi ako tikulimbana nazo, chifukwa ana akapanda kuuzidwa amadziimba okha mlandu. Laisensi yanu isathe nthawi muli chikhalire, uzani anthu kutchalitchi ndi kumaliro kuti mukufuna olo ganyu yoyendetsa. A pa bawowo tawafunsani kuti ndani mwa iwo akudziwa dzina la aphunzitsi a mwana wake.

FUNSO: Malume, ndine mphunzitsi wopuma, zaka 63. Ana anga asanu onse ndinawaphunzitsa, awiri ali ku UK, ena ali pa ntchito zabwino m'tauni. Mowa sindinalawepo, kunja sindinagonepo. Koma akaimba foni amangoti adadi muli bwanji, apatseni amayi. Pa 15 October tsiku la anakubala amatumiza zitenje ndi makeke, ine June amadutsa zii. Ndinali wa chikwapu inde koma ndi chimene chawafikitsa pomwe alipo. Ndinalakwa chani? Mphunzitsi wopuma, Ntcheu.

YANKHO: Aphunzitsi, ndikuyankheni mosapsatira poti nanunso simunali opsatira. Ana anuwo amakulemekezani koma sakudziwani. Chomwe anadziwa ndi choti nsapato zanu zikamveka pakhonde wayilesi izimitsidwe aliyense agwire buku. Fizi munalipira ndipo ulemu umenewo palibe angakulandeni, abambo awiri othawa ana a m'makalata a pamwambawa sanafike olo theka la zomwe munachita. Koma nkhani zawo zonse, chibwenzi choyamba, kulephera mayeso, kumenyedwa ndi anzawo, zinkathera kukhitchini kwa amayi awo, nde lero akaimba foni mukufuna akuuzeni chani poti sanazolowere kukuuzani kanthu kupatula nambala yomwe akhala m'kalasi?

Zoti chikwapu ndi chimene chinawafikitsa ku UK, kaya. Inuyo munaphunzitsa ana mazanamazana, mukudziwa bwino kuti okwapulidwa ambiri sanafike kulikonse. Mwinatu chinawafikitsa ndi palafini yemwe munkagula kuti awerenge usiku ndi mabuku omwe munkabwera nawo kunyumba.

Musadikire June. Imbani inuyo, mmodzimmodzi osati pa gulupu ya WhatsApp ya banja, ndipo tsiku limenelo za ndalama, za feteleza, za udzakwatira liti, ayi. Adzadabwa, mwinanso adzaimbira amayi awo kufunsa ngati mukudwala, zisakukhumudwitseni. Afunseni kuti ntchito yawo kwenikweni amatani, mumvetsere osakonza galamala. Auzeni za bambo anu, za ulendo wanu woyamba wopita ku koleji ya uphunzitsi, za mwezi womwe malipiro anachedwa inu n'kukakongola kwa a golosale kuti iwo asabwezedwe kusukulu, zimenezi sakuzidziwa chifukwa munkazibisa. Ngati pali mwana yemwe munamumenya mopyola muyeso, ndipo mukumudziwa ndinu, muuzeni kuti paja ndinaonjeza, mano sadzaguluka. Zidzukulu zikabwera pa Khirisimasi chikwapucho chisatuluke. Mukawaimbira onse asanu mundilemberenso, ndikufuna ndimve kuti woyamba kuthamangira kwa amayi ake kukafunsa anali ndani.